Mnyamatayo asabwere kuno

Achemwali,

Talandira malipiro Lachisanu ndipo ndatumiza R2,500 pa Mukuru m'dzina lanu, osati la alamu. Mukatenge nokha ku Chitakale. Ine ndili bwino, chifuwa chija chinapola. Moni kwa amayi ndi ana onse.

Ndalama ya Ogasiti ndi ya Seputembala, ija ndinati ndi ya simenti ndi feteleza, yapita kuti? Munthu wakwathu amene wafika kuno posachedwa wandiuza kuti chipupa cha nyumba ya amayi chikadali chochirikizidwa ndi mitengo monga momwe namondwe Freddy anachisiyira mu 2023, ndipo pakhomo palibe ngakhale thumba limodzi la simenti. Wandiuzanso kuti alamu anapita ndi mnyamata wanu wamkulu ku Blantyre kukayambitsa za pasipoti, ndipo apereka kale chikole kwa thiransipota woti amubweretse kuno. Ngati ndi bodza mundiuze. Ngati ndi zoona, ndalamayo ibwerere. Mwini mbumba ndine, malume ake a mwanayo ndine, ndipo palibe amene wandifunsa.

Mnyamatayo asabwere. Inu kumeneko mukamva za Joni mumaona malata ndi njinga zamoto, koma chaka chino cha 2025 dziko lino lili pa mpanipani, ndipo mpanipaniwo umathera pa ife alendo.

Boma la kuno linakasumira Israel kukhoti lalikulu la ku The Hague mu Disembala 2023 pa nkhani ya anthu ophedwa ku Gaza. Ine pamenepo ndinawapatsa ulemu, chifukwa anthu amene analawa tsankho la azungu sakanangokhala chete. Koma America inasunga chakukhosi. A Ramaphosa, pulezidenti wa kuno, atasaina lamulo lolola boma kutenga malo mu Januwale 2025, a Trump mu Febuluwale anadula thandizo, nanena kuti Mabunu akuzunzidwa ndipo akhoza kupita ku America ngati othawa kwawo. Mu Malichi anathamangitsa kazembe wa dziko lino, Ebrahim Rasool. Mu Meyi ndege inanyamula gulu loyamba la Mabunu, anthu 59. A Ramaphosa anakafika okha ku White House kuti akafotokoze, koma anawazimitsira magetsi n'kuwaonetsa vidiyo pamaso pa atolankhani. Pofika Ogasiti, katundu wa kuno wolowa ku America anamuikira msonkho wa 30 peresenti.

Musati ndi za pa wailesi chabe izi. Malalanje ambiri amene timathyola kuno ku Citrusdal amagulitsidwa ku America komweko. Bwana wathu, Mbunu yemwe, amene sanapite kulikonse ndipo akuti munda wa agogo ake sangausiye, watiuza kuti chaka chamawa mwina salemba anthu ochuluka ngati chaka chino. Oyamba kuchotsedwa mukuwadziwa. Ndiye ndalama imene ndikutumiza leroyi mwina pofika Juni sidzakhalapo, inu n'kumaitaya pa pasipoti?

Feteleza mugule sabata ino mvula isanagwe, matumba awiri. Lisiti mulijambule munditumizire pa WhatsApp. Zosintha ndalama zisadutse m'manja mwa alamu.

Nkhani ya malo ija ife a ku Mulanje sitifunika wotifotokozera. Amayi akalamba akulima kachidutswa kopanikizika pakati pa tiyi wa esiteti ndi phiri. Kuno lamulo la 1913 linasiyira anthu akuda pafupifupi 7 peresenti ya dziko lonse, ndipo mpaka lero minda ikuluikulu yambiri ili m'manja mwa azungu. Sindikunena kuti Mbunu akaphedwa pa famu yake si imfa. Ndi imfa yowawa, ndipo zimachitika, chifukwa achifwamba a kuno safunsa khungu. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti ochepa amene ali ndi minda ndi magalimoto apeza wowatumizira ndege, pomwe ife ochepa enafe, Amalawi, a ku Zimbabwe, a ku Mozambique, amene amatitcha makwerekwere, tilibe wotilankhulira mokweza. Chaka chino a gulu la Operation Dudula akhala akuima pamageti a zipatala ku Johannesburg, kubweza aliyense wopanda chitupa cha kuno, ngakhale mayi woyembekezera. Mu 2008 anthu 62 anaphedwa pa ziwawa zothamangitsa alendo. Mu 2015 boma lathu linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu ku Durban, ambiri anabwerera ndi zovala za m'thupi zokha. Kodi alamu aiwala zimenezi?

Chonsechotu mu Januwale yemweyu asilikali athu atatu anafera ku Congo limodzi ndi asilikali 14 a South Africa, pafupi ndi Goma, polimbana ndi zigawenga za M23 m'gulu la SADC. Kunkhondo anali abale. Pageti la chipatala akufunsa mapepala. SADC inathetsa ntchitoyo mu Malichi, ndipo asilikaliwo pobwerera anachita kudutsa m'dziko la Rwanda, lomwe lija a Ramaphosa anasinthana nalo mawu owawa. Ine ndimaliona dziko lino ngati kapitawo wa pa esiteti: kwa othyola tiyi ndi wamkulu, kwa mwini kampani ndi wamng'ono, ndipo akamukalipira ku ofesi, amene amamva kuwawa ndi wonyamula dengu.

Ndamvanso kuti mbuzi ziwiri zija zagulitsidwa. Ndani analola? Mbuzi zimenezo ndinagula ndi ndalama ya ovataimu kuti zizithandiza fizi ya atsikana. Mundiyankhe pa ichi padera.

Njira yake nayo mukuiganizira? Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, Beitbridge, paliponse pamafunika ndalama. Inu muli pafupi ndi Muloza, munaona nokha mmene zinthu zinavutira ku Mozambique chisankho cha Okutobala 2024 chitatha, misewu kutsekedwa, anthu kuthawira ku Nsanje, ngakhale chipata cha Lebombo cha kuno chinatsekedwapo. Akadutsa zonsezo, pachipata amamudindira masiku 30 okha. Akatha amenewo ndiye kuti wayamba kuthawa apolisi, ndipo akamugwira amakathera ku Lindela kudikira kuthamangitsidwa. Mwana amene sanagonepo kutali kuposa ku Luchenza! Ine ndilibe pomusunga, chipinda tikugonamo anayi.

Ngati akufuna kugwira ntchito, ndamva. Si mwana waulesi. Chikole chikabwerera, theka mugule simenti, theka mumupatse akhale mpamba woyambira geni ya nandolo ndi chinangwa pa Limbuli, ine ndidzaonjezera kumapeto kwa Novembala ndikaona buku lake. Pasipoti ngati yalipiridwa kale aisunge, siwola msanga.

Mwezi uno ndi wa Mulhako, ndipo ndikudziwa kuti mudzi wonse ukhamukira ku Chonde. Kuno mapiri alipo, koma sakhala ndi chiperoni chathu chija, ndipo kalongonda wophika amayi ndimachita kumulota. Ndikufuna ndidzabwere ndidzapeze nyumba yoima, ndidzagone m'chipinda chimene ndalama yanga yamanga. Amayi asagonenso mbali ya chipupa chogwa ija mvula ikayamba, muwasamutsire kwa inu mpaka mmisiri amalize. Mmisiriyo mumulipire akamaliza mzere uliwonse, osati zonse pakamodzi.

Lamlungu masana ndiimba foni. Alamu akhalepo, mnyamatayo akhalepo, ndipo malisiti onse akhale m'manja mwanu.

Ndine mlongo wanu,
ku Citrusdal