Mtengo wa Khirisimasi tiziudula pansi, osati nsonga yokha

Akonzi,

Ndikugwirizana ndi nkhani yanu yolimbikitsa mabanja kukadzidulira okha mtengo wa Khirisimasi m'nkhalango za boma kuno ku America. Ife timagula chilolezo pa webusaiti ya boma ya Recreation.gov n'kupita ndi ana kunkhalango ya Mount Hood, sowo ili m'manja. Timitengo tothithikana tikapatulidwa, inzake imakula bwino. Mwana wa giredi 4 chilolezocho amachipeza chaulere.

Koma chikundiwawa n'chakuti chaka chatha tinapeza mtengo wautali ataudula nsonga yokha, thunthu lili chiimire, utomoni ukuchucha. Lamulo limati tidule wonse, chitsa chitsale chachifupi. A Forest Service, bungwe loyang'anira nkhalango za boma, aziika alonda pamisewu yotulukira Loweruka ndi Lamlungu, aziona mtengo uliwonse, ndipo wodula nsonga asadzagulitsidwenso chilolezo.

Wowerenga wanu,
Portland, Oregon