Kalata kwa Makolo Potseka Teremu Yachiwiri

Okondedwa makolo ndi onse olera ana,

Landirani moni wochokera kwa aphunzitsi ndi komiti ya sukulu. Teremu yatha, koma pali nkhani imene yatipweteka mtima, ndipo ndiyamba ndi imeneyo.

Tsiku limene alangizi a zaumoyo anabwera ndi katemera wa chikuku ndi rubella (nthenda yofanana ndi chikuku), uthenga unali utazungulira kale pa WhatsApp woti katemerayu ndi watsopano ndipo akumuyesera pa ana athu. Galimoto itangoima, ana a makalasi ang'onoang'ono anathawira m'chimanga, ena kudzera pawindo, ndipo mmodzi anachekeka mwendo ndi galasi. Makolo ena anabwera kudzalalatira aphunzitsi pamaso pa ana. Zimenezi sizovomerezeka pasukulu pano, ndipo zisadzachitikenso.

Dziwani zimene zinatayika. Katemera wa chikuku amabwera ngati ufa, nthawi zambiri m'kabotolo ka ana 10, ndipo kuchipatala amasungidwa pozizira madigiri 2 mpaka 8. Akangomusungunula ndi madzi ake, ayenera kutha pasanadutse maola 6, wotsala amatayidwa. Timabotolo timene tinali titasungunulidwa kale m'mawawo tinatayidwa, ana ake ali m'munda. Chikuku sichichedwa: wodwala mmodzi atha kupatsira anthu 12 mpaka 18 osatetezedwa, ndipo kuti chisafale pamafunika kuti ana 95 mwa 100 alionse alandire katemera kawiri. M'kalasi yodzaza ngati zathuzi, mwana mmodzi akangotsokomola ndiye kuti kalasi yonse ili pachiswe.

Katemera wa chikuku si watsopano, wakhalapo kuyambira 1963. Koma popeza mantha anu ali pa mawu oti kuyesera, ndikupempha mumve mmene katemera watsopano amapangidwira, chifukwa matenda achilendo abwerabe ndipo tidzafunika kumvana.

Kachilombo katsopano kakabuka, akatswiri amayamba ndi kuwerenga chibadwa chake kuti apeze kachigawo kamene thupi lingaphunzire kukazindikira. Akapanga katemera, amamuyesa mu labotale ndi pa nyama. Akadutsa pamenepo mpamene amafika kwa anthu, m'magawo atatu. Gawo loyamba ndi la akuluakulu ochepa odzipereka, makumi angapo chabe, kuona ngati sakuvulaza komanso kupeza mlingo woyenera. Lachiwiri ndi la anthu mazana, kuona ngati chitetezo cha m'thupi chikukwera. Lachitatu ndi la anthu masauzande: ena amalandira katemerayo, ena ayi, kenaka amawerenga amene adwala mbali zonse ziwiri. Akatemera ambiri amagwera m'njira, ena chifukwa chitetezo chake n'chofooka, ena chifukwa cha zovuta zimene aonetsa m'thupi. Kuno kwathu kafukufuku wotere sayamba popanda chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku wa zaumoyo ndi bungwe loona za mankhwala la PMRA, ndipo mwana salowamo popanda kholo kufotokozeredwa ndi kusaina. Umu ndi mmene zinayendera ku Ndirande ndi Zingwangwa mu 2018, pamene ana pafupifupi 28,000 analowa m'kafukufuku wa katemera wa typhoid, amene dziko lonse linayamba kulandira mu 2023. Sizichitika mobisa, ndipo sizichitika m'mawa umodzi.

Ntchitoyi imatenga nthawi. Ebola anadziwika mu 1976, anapha anthu opitirira 11,000 ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone pakati pa 2014 ndi 2016, koma katemera wake, amene anayesedwa ku Guinea mu 2015, anavomerezedwa mu 2019. Ngakhale pamenepo amateteza ku mtundu wa Zaire wokha, osati wa Sudan umene unabuka ku Uganda mu 2022. Matenda a Marburg, ofanana ndi Ebola, amene anapha anthu m'chigawo cha Kagera ku Tanzania mu 2023 ndi 2025, pamene anabuka analibe katemera wovomerezeka. Anthu a kumeneko akanakondwa kukhala ndi mwayi umene ife tinauthawa.

Ena mwandiuza kuti mwana akadwala mudzangomugulira mankhwala. Makolo anzanga, apa mpamene pali ngozi. Amoxicillin ndi bactrim amapha mabakiteriya, sakhudza vairasi, monga imene imayambitsa chikuku. Vairasi imaswana mkati mwa maselo athu enieni, choncho n'kovuta kupeza mankhwala oigunda osawononga thupi. HIV inadziwika mu 1983, koma mankhwala ophatikiza ogwiradi ntchito anafika mu 1996, ndipo ma ARV aulere anayamba kuno mu 2004. Mankhwala a tecovirimat, amene ambiri ankawadalira pa mpox (nthenda yotulutsa matuza pakhungu), atawayesa ku Democratic Republic of Congo anapeza mu 2024 kuti sanafulumizitse kupola kwa zilonda. Chikuku chilibe mankhwala opha kachilombo kake. Kuchipatala amapereka vitamini A, amatsitsa kutentha ndi kuchiza chibayo chikalowererapo. Mwana atha kutsala wakhungu kapena wosamva.

Ndiye ndikupemphani izi. Azaumoyo avomera kubweranso teremu ya mawa. Kalata yachilolezo idzafika sabata yathunthu tsikulo lisanakwane. Isaineni, ndipo mwana abwere ndi buku lake la kuchipatala. Ngati akudwala kwambiri, chitetezo chake n'chofooka, kapena anatupapo n'kubanika atalandira katemera kale, lembani kapena bwerani mudzanene nokha. Akabayidwa amakhala pansi mphindi 15 akuyang'aniridwa. Dzanja kuwawa n'kosadabwitsa, ndipo ena amatentha thupi kapena kutuluka totupa pang'ono patatha sabata kapena kupitirirapo. Mupatseni panado wa mlingo wa msinkhu wake ndi madzi ambiri. Akabanika, kutupa nkhope kapena kukomoka, thamangirani kuchipatala. Patchuthi pano, mwana wotentha thupi ndi totupa, maso ofiira kapena matuza asasewere ndi anzake mpaka adokotala atamuona, pakuti mpox nayo inapezeka m'dziko muno mu 2025. Amene muli ndi mafunso, khomo la ofesi n'lotsegula. Bwerani tikambirane, osatuma mwana kuthawa.

Zabwino ziliponso. Timu ya atsikana ya ntchemberembaye yapambana pa zoni, a Sitandade 8 akhoza bwino mayeso oyeserera, chimbudzi chatsopano cha atsikana chatha, ndipo amayi a mother group abweza kusukulu atsikana ena amene anasiya. Tikuthokoza mafumu ndi onse amene munaumba njerwa.

Malipoti aperekedwa lero, ndipo tsiku lotsegulira lalembedwa m'munsi mwake. Msonkhano wa makolo ndi Lachisanu la sabata yoyamba, 2 koloko masana, azaumoyo adzakhalapo. Amene simunamalize ya chitukuko, chonde malizani, pakuti mawindo osweka aja tikonza ndi ndalama yomweyo.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu