Chilengezo: Tikaonere limodzi gemu ya Indiana ndi Kentucky

Abale ndi alongo kuno ku Indiana, June wayandikira, nthawi ya magemu a basketball a All-Star aja, pomwe anyamata ndi atsikana odziwa mpira omwe angomaliza sekondale amakumana ndi anzawo aku Kentucky, mpikisano wa anyamatawo unayamba kalekale mu 1940. Gemu ina imachitikira kwawoko, ife tikupita ya ku Indianapolis. Makochi osankhidwawo tikawaombere m'manja nawonso, ana amenewa sanangophuka ngati bowa ayi. Amene simunaonepo, wovala jezi nambala 1 ndiye Mr. Basketball, kwa atsikana Miss Basketball, kutanthauza wosewera amene wasankhidwa kuti waposa anzake onse chaka chimenecho.

A ku South Bend, muli ndi malo m'galimoto nenani msanga tisonkherane za mafuta. Ana tibwere nawo, mavuvuzela okha asiyeni kunyumba chonde.