Kwa a kampani ya mabasi: tiuzeni nthawi yonyamukira musanatilonjeze mabasi othamanga

Mabwana, ndikulemba pano poyera chifukwa mauthenga a ku inbox simuyankha, ndipo nambala yomwe munaika pa tsamba lanuli imangoitana mpaka kuduka yokha. Ndine mmodzi mwa anthu amene amakwera basi yanu yochoka ku Area 25 kupita m'tauni muno mu Lilongwe, ndipo popita kumudzi ndimakweranso ija ya ku Mchinji.

Masiku apitawa mwaika zithunzi za mabasi atsopano, nkulemba kuti mwakonzeka kubweretsa maulendo achangu a mumzinda monga momwe zilili m'mizinda ikuluikulu ya maiko ena. Anthu ambiri akuyamikirani m'munsi mwa zithunzizo. Ine mtima wakana, chifukwa basi yomwe muli nayo kale pamsewu ilibe nthawi.

Munthu ukafika pa siteji m'mawa sudziwa ngati basi ikubwera kapena yadutsa kale. Ukaipeza itaima nkufunsa kondakitala kuti tinyamuka nthawi yanji, yankho lake ndi limodzi: ikadzaza. Amenewo ndi mayendedwe a minibasi, ndipo kwa minibasi amatheka chifukwa anthu osakwana 20 yadzaza. Yanuyi imafuna anthu oposa 60. Ndiye taonani zomwe zimachitika. Amene ayenera kufika ku ntchito 7:30 amakhala pansi pang'ono, kuyang'ana nthawi pa foni, kenako nkutsika kukakwera minibasi kapena kabaza. Akatsika iwowo basi ija imachedwa kudzaza kuposa poyamba. Mawa lake sayesanso nkomwe. Pakatha miyezi ingapo inu mukuyang'ana ndalama zomwe zalowa, nkunena kuti njira imeneyi ilibe anthu, basi nkuichotsa mwakachetechete. Umu ndi momwe basi yanu yodzera ku Area 49 inasowera, popanda ngakhale kapepala kolengeza. Anthu analipo, munawathamangitsa nokha ndi kudikiritsa.

Chomwe chimandiwawa kwambiri nchoti kusunga nthawi mumakudziwa. Basi yanu yapamwamba yopita ku Blantyre imanyamuka pa ola lake, kaya mipando ina ilibe anthu. Tikiti imagulidwa tsiku lisanafike, mpando uli ndi nambala, wochedwa amasiyidwa. Ndiye vuto si lakuti Amalawi sitidziwa nthawi, monga ena amakonda kunenera. Mumasunga nthawi ya munthu wolipira ndalama zambiri, koma ya mlonda, namwino, mphunzitsi ndi mayi wogulitsa tomato mumaitenga ngati yaulere.

Chachiwiri ndi njira zanu. Pa kalembera wa 2018 mzinda wa Lilongwe unali ndi anthu 989,318, ndipo lero tapitirira pamenepo. Anthu amenewa sagwira ntchito malo amodzi. Ena ali ku Kanengo m'mafakitale ndi ku okushoni ya fodya, ena ku City Centre ndi ku Capital Hill, ena ku chipatala cha Kamuzu Central, ena m'masitolo a ku Old Town. Kogona ndi kwina: Chinsapo, Kawale, Area 23, Area 36, Mtandire, Area 25. Koma pafupifupi galimoto iliyonse yonyamula anthu imathera kudepoti, ngati kuti tonse tili ndi zochita kumeneko. Munthu wa ku Chinsapo wogwira ntchito ku Kanengo amatsika m'tauni, kudutsa m'chipwirikiti cha pa Malangalanga, nkukweranso ina. Amalipira kawiri popita, kawiri pobwerera. Eni minibasi sangakonze zimenezi, aliyense ali ndi galimoto imodzi kapena ziwiri ndipo dalaivala akuthamangitsa ndalama ya bwana ya tsikulo. Kampani ya mabasi akuluakulu ndi yomwe ingathe kukhala pansi ndi mapu, nkujambula njira yodutsa mzinda wonse osaima kudepoti. Inu mwangotenga njira zomwezo za minibasi nkuikapo galimoto yaikulu.

Tinakhalapo ndi mabasi oyenda mwa dongosolo m'dziko muno. Akuluakulu amakumbukira United Transport Malawi, yomwe kampani ya mabasi ya ku Britain ya Stagecoach inaigula mu 1989. Panali Coachline ya maulendo apamwamba, Speedlink yolumikiza mizinda, ndi Cityline ya m'tauni, ndipo ku Blantyre kunkayenda mabasi osanjikizana. Stagecoach itachoka mu 1997 kunatsala Shire Bus Lines, yomwe inagwa m'zaka za m'ma 2000. Sindikunena kuti zonse zinali bwino nthawi imeneyo, mabasi ankafa m'njira ndipo anthu ankapanikizana. Koma kampani imodzi inkazindikira kuti ulendo wa mumzinda, ulendo wa kumaboma ndi ulendo wa pakati pa mizinda ndi ntchito zitatu zosiyana, iliyonse ndi dongosolo lake. Nzeru imeneyo ndi yomwe inatayika, ndipo utoto watsopano pa basi suibweza.

Tsopano za maulendo achangu omwe mukulonjezawo. Amene timapitako ku Dar es Salaam kukaoda katundu ku Kariakoo tinawaona mabasi amenewa ndi maso. Anayamba kuyenda mu 2016, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 21, ndipo msana wake ndi msewu wa Morogoro kuchoka ku Kimara kukafika ku Kivukoni. Chomwe chimawathamangitsa si injini. Ali ndi njira yawoyawo pakati pa msewu, yotchingidwa kuti galimoto zina zisalowemo. Tikiti umagula usanakwere, kotero pakhomo palibe kukangana za chenje. Pokwerera mpokwera mofanana ndi pansi pa basi, munthu amangolowa ngati akulowa m'chipinda, ndipo zitseko ndi zingapo. Basi ikaima masekondi ochepa yanyamuka, ina ikubwera m'mbuyo. Nzeru imeneyi inayambira ku Curitiba m'dziko la Brazil mu 1974, inatchuka ndi mabasi a TransMilenio a ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 2000, ndipo abale athu a ku Joni akuidziwa kudzera mu Rea Vaya ya ku Johannesburg yomwe inayamba mu 2009.

Mwa zinthu zonsezi, inu muli ndi chiti? Basi yanu yatsopano ikadzalowa mu M1 nthawi ya m'mawa idzaima pamzere womwewo ndi minibasi, ma Sienta ndi mathiraki opita ku Kanengo. Pa mlatho wa Lilongwe madzulo idzakwawa ngati wina aliyense. Kuitchula kuti yachangu nkunamiza anthu.

Komanso musangotenga zokoma zokha za ku Dar es Salaam. Kumeneko anthu akhala akudandaula kwa zaka kuti mabasi ndi ochepa, pa siteji amadikira nthawi yaitali ndipo basi ikafika amalimbirana pakhomo. Malo osungira mabasi anamangidwa ku Jangwani, kuchigwa kumene madzi amasefukira mvula ikagwa, ndipo mabasi ena anaonongeka ndi madzi. Msewu wa gawo lachiwiri wopita ku Mbagala unatha kumangidwa koma unakhala nthawi ukudikira mabasi oti ayendemo. Kumanga ndi kugula ndi mbali yophweka. Chovuta ndi kuyendetsa tsiku ndi tsiku: zipangizo zokonzera, amakaniko, basi yapadera yolowa m'malo mwa yomwe yafa, madalaivala osinthana. Ngati basi imodzi ya ku Area 25 ikafa njira yonse imakhala yopanda basi mpaka itakonzedwa, mudzatha bwanji kuyendetsa mabasi otsatizana mphindi zochepa zilizonse?

Ndikudziwa kuti misewu simumanga ndinu. Koma Kenyatta Drive ndi Mzimba Street akuzidwa kufika mizere 6, M1 kuchoka pa Crossroads kukafika ku Kanengo yakuzidwanso, pa Area 18 pali mlatho wodutsana. Pa misewu yonseyi palibe mzere wopatulidwira mabasi okha. Imeneyi inali nthawi yoti eni mabasi mulankhule mokweza, chifukwa kupatula mzere msewu ukumangidwa nkosavuta kusiyana ndi kudzaulanda kwa eni galimoto atauzolowera kale. Ine mawu anu pa nkhaniyi sindinawamve. Ngati munalembera khonsolo kapena unduna, tiwonetseni kalatayo, ife okwera tiikire kumbuyo. Anthu ambiri mumzinda muno alibe galimoto, amayenda pansi, pa njinga kapena pa minibasi, ndipo mzere umodzi wa mabasi ungatumikire anthu ochuluka kuposa mizere iwiri ya galimoto zonyamula munthu mmodzimmodzi.

Nanga eni minibasi, madalaivala, makondakitala ndi anyamata a kabaza mwakambirana nawo? Ku Johannesburg eni mataxi anatsutsa kwambiri pachiyambi, mpaka panali ziwawa, ndipo zinthu zinayenda pamene ena mwa iwo anachotsa galimoto zawo pamsewu nkukhala ndi masheya mu kampani yoyendetsa mabasiwo. Kunonso mabanja ambiri amadya kuchokera m'minibasi. Basi yaikulu siingalowe m'tinjira ta ku Mtandire kapena Kauma, ndiye minibasi ndi kabaza ndi amene angamabweretse anthu ku msewu waukulu. Mukawatenga ngati adani, dongosolo lanu lidzafera pa siteji yoyamba.

Ya kumaboma ndiye ndi yomvetsa chisoni. Basi ya ku Mchinji imanyamuka kudepoti dzuwa litakwera, itatha kudikira kudzaza, nkumaima paliponse munthu wakweza mkono. Anthu a pa Msundwe, Namitete ndi Kamwendo sadziwa ngati lero ibwera. Wodwala amene wauzidwa kuti afike ku Kamuzu Central m'mawa sangaidalire, amakwera matola kapena kugona m'tauni kwa wachibale. Pobwerera madzulo nthawi zambiri kulibe basi. Chomwe anthu a kumudzi akufuna ndi chochepa: basi imodzi ya mbandakucha yolowa m'tauni, ina ya madzulo yobwerera, pa ola lodziwika, tsiku lililonse, ndipo pa masiku a msika muwonjezere. Mlimi amene akudziwa kuti basi idutsa 5 koloko adzakhala ali pamsewu ndi matumba ake.

Za mtengo ndinenepo pang'ono. Tonse tikudziwa kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mafuta amasowa, matayala ndi zipangizo zimachokera kunja. Kukweza mtengo sindikukana. Chomwe ndikukana ndi mtengo wosinthasintha m'kamwa mwa kondakitala, m'mawa wina, mvula ikagwa wina, ndipo tikiti osapereka. Lembani mtengo pa galasi la basi. Lolani anthu alipire pa foni. Ganiziraninso agogo, amayi oyembekezera ndi anthu olumala, omwe kukwera masitepe a basi yanu ndi nkhondo, ndipo mpando wakutsogolo amaupeza utadzaza katundu.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Mabasi a pa zithunzi aja sitinawakwere. Yomwe tili nayo ndi iyi yoima pa siteji injini ikulira, ndipo mungathe kuikonza mwezi uno popanda ngongole ya banki iliyonse. Sankhani njira imodzi, kaya ya Area 25 yomweyi. Lembani nthawi yonyamukira, muimate pa siteji ndi pa tsamba lino, ndipo basi izinyamuka pa nthawiyo ngakhale muli anthu khumi. Masabata oyamba mudzaluza, nzoona, koma musathawe msanga, chifukwa munthu amasiya minibasi pokhapokha akatsimikiza kuti basi siimugwiritsa fuwa la moto. Yesaninso ulendo umodzi wa m'mawa wochoka ku Chinsapo kukafika ku Kanengo osalowa kudepoti, muone ngati sudzadzaza. Basi ikafa kapena mukachotsa njira, lengezani pano tsiku lomwelo, monga momwe mumalengezera mabasi atsopano. Ndipo ikani munthu woti aziyankha foni ija.

Anzanga okwera basi imeneyi, lembani m'munsimu njira yanu ndi zomwe mumakumana nazo, kuti asanene kuti ndi munthu mmodzi wolongolola. Inu mabwana, musandiuze kuti ndibwere ku inbox. Yankhani pano pomwe aliyense aone: Lolemba likubwerali, basi yoyamba ya ku Area 25 inyamuka nthawi yanji?