Kwa makasitomala athu: kompyuta yokhalitsa osayatsidwa izigona kuno usiku umodzi

Okondedwa makasitomala athu a pa Dedza boma ndi madera ozungulira,

Kuyambira mwezi wamawa, kompyuta yomwe yatha miyezi itatu kapena kuposerapo osayatsidwa sitiziikonzanso inu muli pabenchi kudikira. Muziisiya kwa ife, n'kudzaitenga mawa lake masana.

Ambiri mwa inu laputopu mumaitulutsa pa nyengo yake. Aphunzitsi amaifuna kumapeto kwa teremu potayipa mayeso, alembi a mipingo pokonza malipoti, a makalabu a alimi ku Bembeke kachewere akakumbidwa. Masiku ena onsewo imagona mu sutikesi. Koma Microsoft amatulutsa ma update a Windows mwezi uliwonse, pa Lachiwiri lachiwiri la mweziwo, kutseka ming'alu yomwe mavairasi amalowerapo. Ndiye makina akakhala theka la chaka ali chete, tsiku lowayatsa amafuna kumeza zonse: Windows yeniyeniyo, antivirus, Chrome, ma driver (timapulogalamu toyendetsa zipangizo za m'makinawo). Amazima n'kuyaka okha kangapo, ndipo pa makina akale ntchitoyi imatha maola ambiri.

Apa ndi pomwe takhala tikupwetekera. Munthu wachokera ku Lobi kapena ku Mtakataka, dzuwa likupendeka, akuopa kusiyidwa ndi minibasi, ndiye akutipempha kuti tizimitse apite. Ife, pofuna kuti musagone panjira, takhala tikuvomera, ndipo kumeneko kunali kulakwa kwathu. Kompyuta yodulidwa pakati pa update nthawi zina imakana kuyakanso, mwini wake n'kubwereranso sabata yomweyo, thiransipoti kawiri. Ikagona kuno tiziisiya imalize yokha ili pa batire lathu lalikulu, kuti magetsi akathima isadukize.

Tiziyang'ananso kabatire kozungulira ngati khobidi ka m'kati mwa makina, komwe kamasunga tsiku ndi nthawi. Kakatha mphamvu, deti imabwerera zaka zakale, masamba a intaneti n'kumakana kutseguka. Ambiri mumaganiza kuti ndi vairasi, chonsecho n'kabatire chabe.

Kuti zisamaunjikane chonchi, Loweruka lotsatira Lachiwiri la ma update lija mutha kubwera ndi kompyuta yanu m'mawa n'kuilumikiza pa Wi-Fi yathu, osawononga bandulo yanu. Amene tinawakonzerapo makina salipira kanthu. Okhala kutali, iyatseni kamodzi pamwezi, muilumikize pa intaneti ili pa chaja, ndipo musaitseke isananene kuti yamaliza.

Nkhani ya Windows 10 tiinene poyera. Microsoft anasiya kupereka ma update wamba a Windows 10 pa 14 October 2025, monga anachitira ndi Windows 7 mu January 2020. Makina amayakabe bwinobwino, koma ma update wamba aja sakutsekanso ming'alu yatsopano, ndipo mafulashi athu ano amayenda m'makompyuta ambirimbiri. Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0, komwe makina akale ambiri alibe. Ife sitiziikakamiza pa makina osayenera, chifukwa mavuto ake amadzagwera inu. Amene ntchito yawo ndi kulemba makalata ndi kuwerengera ndalama basi, tingawaikire Linux Mint m'malo mwa Windows, yomwe ndi yaulere ndipo imayenda bwino pa makina akale. Tiyamba takuonetsani kaye mmene imaonekera musanasankhe.

Pobwera, musaiwale chaja, ndipo mafayilo ofunika muwakopere kaye pa fulashi.

Ndife anu,
A shopu yokonza makompyuta, Dedza boma