Mendulo ya Banting izikumbukiranso odwala osauka

A Mkonzi,

Ndikugwirizana nazo kuti bungwe la ku America loona za matenda a shuga la American Diabetes Association lizipereka mendulo ya Banting chaka chilichonse kwa katswiri amene wathera moyo wake pa kafukufuku wa matenda a shuga, koma posankha munthuyo azifunsanso ngati zimene anatulukirazo zinafika kwa wodwala wosauka.

Mendulo imeneyi inayamba mu 1941, chaka chimene Frederick Banting anamwalira pa ngozi ya ndege. Iye ndi Charles Best anatulukira insulini, mankhwala otsitsa shuga m'magazi, ku Toronto mu 1921, ndipo mu 1923 iwowo pamodzi ndi James Collip anagulitsa umwini wa mankhwalawa ku yunivesite ya Toronto pa dola imodzi aliyense, pofuna kuti asakhale a anthu olemera okha. Papita zaka zoposa 100, komabe mayi anga, amene amadzibaya jakisoni wa insulini m'mawa ndi madzulo, amasunga kabotolo kawo mumtsuko wokwiriridwa mumchenga wonyowa chifukwa kwathu kulibe magetsi. Dzuwa la mu Okutobala likafika poswa mtengo timangokayang'ana kabotoloko, osadziwa ngati mankhwalawo akadali ndi mphamvu, ndipo kangapo konse tabwerera chimanjamanja kuchipatala atatiuza kuti atha.

Ndikupempha kuti oweruza mphothoyi aziganiziranso akatswiri amene akufufuza insulini yopirira kutentha ndiponso njira zotchipa zoyezera shuga m'magazi, komanso kuti pakati pa oweruzawo pazikhala madokotala amene amagwira ntchito m'zipatala za kumidzi za mu Africa muno.

Wowerenga wanu,
Chigwa cha Shire