Kalata yochokera ku Zomba

Mnzanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino ku Johannesburg konko. Kuno ku Zomba kwayamba kuzizira, koma tonse tili gwa.

Unandifunsa chimene chandikhudza kwambiri chibwerere ku yunivesite. Ndi phunziro la kalembedwe limene timatenga chaka choyamba. Ukukumbukira zimangirizo za ku sekondale, mmene tinkayambira ndi mwambi n'kumazungulira mpaka tsamba litadzaza? Kuno amafuna kuti mfundo yako yaikulu ionekere m'ndime yoyamba, m'chiganizo chimodzi chimene munthu wina angathe kuchitsutsa. Ngati palibe wotsutsa, ndiye kuti sunanene kanthu.

Mwezi watha tinalemba za maphunziro aulere a pulayimale amene boma linayambitsa mu 1994. Kungonena kuti anathandiza amphawi sikokwanira. Ndinakhala masiku mulaibulale mpaka ndinapeza kuti ana olembetsa sukulu anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo boma linalemba mofulumira aphunzitsi ambiri amene anali asanapite ku koleji ya uphunzitsi. Apo m'pamene mfundo yanga inabadwira: khomo linatsekuka, koma ana ambiri anakapezeka pansi pa mtengo, mphunzitsi mmodzi pakati pa khamu. Kenako ndinayenera kulemba ndime yonse yoimira munthu wotsutsana nane, yemwe anganene kuti kuphunzira pansi pa mtengo kuli bwino kusiyana n'kukhala pakhomo. Ndimeyo inandivuta kuposa zonse, chifukwa iwe ndi ine tinaphunzira a, e, i, o, u pansi pa mtengo womwewo.

Tikuphunziranso luso lokopa anthu ndi mawu. Aristotle, munthu wanzeru zakuya wa ku Greece, zaka zoposa 2,300 zapitazo, anati wolankhula amakopa anthu m'njira zitatu: khalidwe lake lomwe limachititsa kuti akhulupiridwe, kukhudza mitima ya omvera, ndi mfundo zokhala ndi umboni. Amazitcha ethos, pathos ndi logos. Aphunzitsi akufotokoza zimenezi, ine maganizo anali pa malume ako tsiku la mlandu wa munda uja kwa amfumu. Anayamba modzichepetsa, kutchula makolo amene analima pamenepo. Atatero analoza ana amasiye atatu atakhala pamphasa, bwalo lonse lili zii. Pomaliza anadzuka n'kutsogolera anthu kukaona nkhadze zimene agogo anabzala m'malire. Sanapite patali ndi sukulu, koma zonse zitatu anazidziwa bwino lomwe.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi anzanga ena amene ayamba kunyoza kalankhulidwe ka kwathu, amvekere n'kozungulira. Pabwalo anthu amakudziwa, amadziwa bambo ako, ndipo kufika pamfundo mwaphuma n'chipongwe kwa akuluakulu. Papepala wowerenga sakudziwa, ndiye uyenera kubweretsa mboni zako: dzina la wolemba, chaka, tsamba, monga mwa dongosolo lotchulira mabuku lotchedwa APA. Kutenga mawu a wina osamutchula amakuyesa kuba ndithu, ndipo chilango chake n'chachikulu. Poyamba ndinkaona ngati n'kutaya nthawi, koma tsopano ndikamva wandale pawailesi akuti "aliyense akudziwa", ndimayamba kufunsa kuti umboni wake uli kuti.

Nkhani yotsatira ndikufuna ilankhule za Amalawi ogwira ntchito ku Joni ndi ndalama zimene amatumiza kumudzi. Undiuze mmene mumatumizira, ndi zimene mumakumana nazo panjira. Dzina lako sindilemba ukapanda kulola.

Upereke moni kwa alamu ndi mwana.

Ndine mnzako wa kalekale.